Mwana akakodza magazi sikuti wakula, ndi likodzo

Makolo anzanga kuno ku Mangochi, kaya muli ku Monkey Bay, Nkope, Malindi, Makanjira kapena m'mbali mwa Malombe, sukulu zikatsekera ana amakhala panja tsiku lonse ndipo ife azaumoyo zimenezo timazifuna. Mwana azithamanga, azimenya mpira wachikulunga, phada, fulaye, osati kuswera mu vidiyo sho kapena kukakamira foni ya mayi ake mpaka maso psuu. Koma panjapo kuno kwathu nthawi zambiri ndi kunyanja, ndiye tikambirane za likodzo.

Kayambidwe kake tinene mwachangu. Wodwala akakodzera kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timalowa mu tinkhono tija timakhala m'bango ndi m'ndere, pakapita masabata angapo timatuluka tambirimbiri n'kuboola khungu la amene akusamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Sipafunika chilonda, olo madziwo asamwe.

Chomwe chikutivuta ife ndi mawu aja akuti mnyamata akayamba kukodza magazi ndiye kuti akukula, ena mpaka kuseka kuti ife tonse tinadutsamo. Ayi bambo, kumeneko si kukula. Magaziwo akuchokera mu chikhodzodzo chomwe mazira a nyongolotsi akuchilasa tsiku ndi tsiku. Mwana amachepa magazi, amafooka, mkalasi amangosinza, ndipo zikatha zaka impso zimaonongeka, ena mpaka khansa ya chikhodzodzo. Kwa atsikana likodzo limafika mpaka ku ziwalo zoberekera, koma poti amachita manyazi ndiponso timangoganiza kuti ndi kumwezi, amakhala nalo chete zaka. Mayi, mufunseni mwana wanu pambali.

China, musadikire kuona magazi mu mkodzo. Mu 2017 m'mbali mwa nyanja kuno kunapezeka mtundu wa nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo ndipo mu 2018 atayeza ana asukulu matendawo anapezekadi. Limeneli mkodzo umaoneka bwinobwino, mwana amangodandaula m'mimba, kutsegula, nthawi zina timagazi m'chimbudzi, kwinaku chiwindi chikuonongeka.

Mankhwala alipo, dzina lake praziquantel, ku chipatala cha boma ndi aulere ndipo ndi omwe aja alangizi a zaumoyo (ma HSA) amagawa m'sukulu atamuyeza mwana msinkhu. Chonde tsiku limenelo mwana adye kaye phala kapena nsima, chifukwa pamimba ya njala amapangitsa chizungulire ndi nseru, basi anthu n'kuyamba kufalitsa pa WhatsApp kuti ndi oletsa kubereka. Bodza limenelo. Chomwe chingamuvutitse mwana wanu pa nkhani yobereka mtsogolo ndi likodzo lomwe mukulisungalo. Dziwaninso kuti si katemera, akalowanso m'madzi oipa amatenganso, ndiye asamaphonye akamagawa.

Pano ena muti ndiye tiwatsekere m'nyumba. Iyayi, aphunzitseni kusamala nyanja yawo. Mwana adziwe kuti m'madzi sakodzeramo, pamchenga si chimbudzi, komanso majumbo ndi matewera satayira kugombe. Ndipo neti ya udzudzu yomwe munalandira ija si khoka! Imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, pomwe m'nyanjamu muli nsomba zina zimene chakudya chake ndi nkhono zomwezi, ku Cape Maclear zitachepa nsombazo nkhono zinachuluka. Neti ikapita kunyanja malungo akulowa m'nyumba, likodzo nalo likuchuluka kudooko. Mvula ikagwa apatseni mbande adzale pakhomo, kusukulu kapena ku madrasa, aziithirira okha.

Akasewera n'kutuwa asambe madzi a pamjigo. Ngati ndi a kunyanja, awiritseni kapena muwasunge mu chidebe masiku 2 asanasambe, tizilomboto timafa tokha. Malo a bango ndi madzi odikha aziwapewa makamaka dzuwa lili paliwombo, ng'ona nazo zimakonda momwemo.

Ndibwerezenso poti ndikudziwa agogo ena atsutsa, palibe msinkhu umene mwana amayenera kukodza magazi. Mukaona ngakhale kadontho kumapeto kwa mkodzo, kapena akulira kuti kukodza kukuwawa, mawa lomwe m'mawa tengani buku lake la kuchipatala mupite naye, ndipo abale ake omwe amasamba nawo dooko limodzi muwatengenso.