Nkhope Yada Bii, Zenera Layera Mbee: Vuto Lili Pati?

Mwamuimika munthu kutsogolo kwa zenera, mwajambula, koma pachithunzi nkhope yada bii pamene kumbuyo kwayera mbee. Kamera sinawonongeke ayi. Imayeza kuwala kwa malo onse n'kusankha pakatikati. Ikaona zenera lowala kwambiri imachepetsa kuwala kolowa, nkhope n'kumira mumdima.

Mutembenuzeni munthuyo. Zenera likhale chakumbali kwake, pafupifupi madigiri 45 kuchokera pomwe inu mwaima, kuti kuwala kugwere tsaya limodzi n'kufika pang'ono pa linalo. Musamuike patali. Kuwala kumatha msanga kuposa mmene maso athu amaonera: munthu akachoka pa mita imodzi kufika pa mamita awiri kuchokera pa nyale, kuwala komufikira kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, osati theka. Ngati tsaya la kumthunzi lada kwambiri, wina agwire katoni yoyera chakumbali komweko, pa mtunda wa masentimita 50, kuti ibweze kuwala kunkhope. Katoni imeneyi imagwira ntchito yabwino kuposa fulashi ya pakamera, yomwe imaphwatalitsa nkhope n'kusiya chipumi chikunyezimira.

Zimitsani mababu a m'chipindamo. Mtundu wa kuwala umayezedwa mu ma Kelvin (K): kuwala kwa masana kumakhala cha m'ma 5500K, pomwe babu yachikasu imakhala cha m'ma 2700K. White balance, njira ya kamera yochititsa kuti choyera chituluke choyeradi, imatha kukonza mtundu umodzi wokha wa kuwala. Mukasakaniza, tsaya lina lituluka lachikasu, lina labuluu.

Shutter, kachitseko ka kamera kolowetsa kuwala, isakhale yotsegula nthawi yoposa 1/125 ya sekondi pojambula munthu, kuopa chithunzi chogwedezeka. Kuwala kukachepa, kwezani ISO, nambala yowalitsira chithunzi mukamera, kufika pa 800 kapena 1600 osaopa. Timadontho ta noise, tomwe timaoneka ISO ikakwera, timachepetsedwa pakompyuta, koma chithunzi chogwedezeka chilibe mankhwala.

Ambiri amati, “Ndikakonza pa Lightroom kapena Snapseed.” Awa ndi mapulogalamu okonzera zithunzi, koma apa mpofunika kumvetsa bwino. Mu JPEG, yomwe ndi fayilo wamba ya zithunzi, mtundu uliwonse umalembedwa ndi nambala kuyambira 0 mpaka 255. Malo amene afika pa 255 m'mitundu yonse itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, ndi oyera basi, mulibenso kanthu. Mukatsitsa Highlights (pokonzera malo owala) pamalo otere mungopeza chigamba chotuwa. Mithunzi ndiyo imalolako kukwezedwa, komabe mukakoka Shadows mpaka kumapeto khungu limatuwa ngati lapakidwa phulusa, ndipo noise yonse yobisala mumdima imaonekera poyera. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa RAW, fayilo yosunga chithunzi momwe kamera yachijambulira isanachikonze, ngati kamera kapena foni yanu ili nayo: imasunga ma bit (muyeso wa kuchuluka kwa magawo a kuwala osungidwa) 12 kapena 14 m'makamera ambiri, pomwe JPEG imasunga 8 okha, choncho mpata wokonzera umakula.

Mukajambula, musadalire sikirini yokha, imanyenga makamaka padzuwa. Tsegulani histogram, tchati cha mizere choonetsa mdima kumanzere ndi kuwala kumanja. Ngati mulu wa mizere wakanikizika kukhoma la kumanja, tsitsani exposure (kuchuluka kwa kuwala kolowa) ndi -0.7 n'kujambulanso munthuyo asanachoke pamalopo.