Babu lamphamvu silikonza magetsi akumbuyo odetsedwa

Ambiri amati ukapopera utoto wakuda pa magetsi akumbuyo a galimoto, ungoika babu lamphamvu, nkhani yatha. Ayi ndithu. M'galasi lofiiralo muli kachigawo konyezimira kamene sikadalira babu, ntchito yake ndi kubweza kuwala kwa galimoto yobwera kumbuyo. Kuwalako kumadutsa mu utoto kawiri, polowa ndi potuluka, ndiye galimoto yoima usiku m'mbali mwa msewu imaoneka mochedwa. Babu loposa mawati 21 limatha kutenthetsa soketi mpaka pulasitiki kusungunuka.

Ngati mukudetsabe, tsukani galasi ndi sopo, liume, kenako matani tepi pa kachigawo konyezimirako. Poperani mopyapyala mutatalikira masentimita 25, dikirani mphindi 10, bwerezani kamodzi kokha. Mukapopera kachitatu, magetsi a mabuleki savuta kusowa padzuwa la masana.