Njala ya mwana wa sukulu imayambira pa mbale ya kunyumba

Mwana akakwanitsa zaka 5 amasiya kupita kusikelo, ndipo kuchokera pamenepo palibenso womuyeza mwezi ndi mwezi. Kabuku kake ka kuchipatala kamakalowa m'sutikesi, makolo n'kupumira m'mwamba kuti zoopsa zadutsa. Komatu mwana wa Sitandade 2 kapena 5 akukulabe, akuyenda mtunda wautali, akutunga madzi, akuyenera kugwira masamu m'mutu. Ife ogwira ntchito za kadyedwe timamuona mochedwa, aphunzitsi atatopa kale kumunena kuti ndi waulesi chifukwa amasinza nthawi yopuma isanakwane.

Kusowa zakudya m'thupi kwa ana amsinkhu uwu sikuonekera msanga. Ambiri satupa, sanyentchera mpaka nthiti kuwerengeka. Amangokhala aafupi poyerekeza ndi zaka zawo, zikhatho ndi m'zikope zili mbee chifukwa cha kuchepa kwa magazi, kudwaladwala, kuiwala zimene aphunzira dzulo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, ndipo ana omwewo ndi amene adadzaza makalasi a pulayimale m'zaka zotsatira.

Chimene chimandigwira mtima m'kafukufukuyu ndi kusiyana kwa mabanja. Pakati pa ana a amayi amene sadapiteko kusukulu, opinimbira anali 43 mwa 100. Kwa amayi amene adapitirira sekondale anali 12 okha. M'mabanja osaukitsitsa anali 46, m'mabanja opeza bwino kwambiri 24. Taonani nambala yomalizayi. Ngakhale m'nyumba zamalata, momwe thumba la chimanga silitha, mwana mmodzi mwa anayi anali wopinimbira. Umphawi ndi muzu waukulu, palibe angakane, koma chakudya chikhoza kupezeka pakhomo osafika m'mimba mwa mwana.

Tiyeni tikhale pa mkeka madzulo. Nsima yapakulidwa, ndiwo ndi usipa pang'ono ndi nkhwani. Mbale ya bambo yapatulidwa poyamba, ndipo usipa wambiri wapita komweko. Ana anayi azungulira mbale imodzi. Wa zaka 14 amatema mbamu zikuluzikulu, nsima ikadali yotentha. Wa zaka 7 akuuzira kaye zala, akamati asunse kachitatu, m'mbale ya ndiwo mwatsala msuzi wokha. Palibe amene wamumana dala, ndipo mayi akafunsidwa anena zoona kuti ana onse adya. Izi zikamachitika tsiku ndi tsiku, chaka chonse, mwana uja amakula ndi nsima ndi mchere. Kupatulira mwana wamng'ono ndiwo zake m'kambale kakekake sikulira ndalama, koma kumasintha zambiri.

Ndiye pali nkhani ya amene amasunga ndalama. M'maboma ngati Mchinji, Kasungu ndi Dowa mabanja amakolola mtedza ndi soya wambiri, zakudya zenizeni zomanga thupi. Pofika Julayi zonse zapita kwa mavenda, osasiyako ndi ndowa imodzi ya nsinjiro. Mazira amagulitsidwa kuti pagulidwe sopo, nkhuku imaphedwa kukabwera mlendo. Sindikunyoza wogulitsa, pakuti feteleza, yunifolomu ndi ngongole za banki m'khonde zimafuna ndalama. Koma pamene mayi alibe mawu pa zokolola zimene walima nawo, chakudya cha ana ndicho chimayamba kuchotsedwa pa ndondomeko. Abambo amene amakhala pansi ndi akazi awo n'kugwirizana kuti matumba angati agulitsidwe ndi angati atsale, ana awo timawaona kusiyana.

Magulu 6 a zakudya amene alangizi amaphunzitsa, zokhutitsa, zanyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta, anthu ambiri amawamva ngati za olemera. Chonsecho bonongwe wotendera, futali, matemba, ngumbi, mapapaya ndi magwafa zili m'magulu omwewo. Mgaiwa uli ndi zofunika m'thupi zambiri kuposa ufa woyera umene timaukonola, kuuviika ndi kuutsuka mpaka kutsala choyera chokha. Tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'masamba ndi nyemba, amene amathandiza kupanga magazi, pamene chipatso chowawasa ngati lalanje kapena malambe chimathandiza.

Funso lina limene ndimafunsa mwana aliyense wooneka wofooka ndi lakuti, "Umakhala ndi ndani?" Yankho lake limanena zambiri. Ena amakhala ndi agogo okalamba amene akulera zidzukulu zisanu makolo atamwalira kapena atapita ku Joni. Ena banja lidatha, mayi adakwatiwanso, ndipo mwana ali pakhomo pomwe amamuwerengera mbamu. Ena adatengedwa kumudzi ndi achibale a m'tauni kuti akaphunzire, koma amadya pomaliza atatsuka mbale. Ana otere sadandaula, amadziwa malo awo. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zidayambira ku Mchinji mu 2006, zidakonzedwera mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo zimathandizadi, koma sizifikira aliyense wovutika.

Kubereka msanga kumalowanso pamenepa. Kafukufuku yemwe uja adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Mtsikana amene thupi lake likukulabe amalimbirana chakudya ndi mwana wa m'mimba, khanda limabadwa lochepa thupi, ndipo sukulu imene ikadamuthandiza kulera bwino yathera panjira. Mu 2017 Malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti ukwati uziyambira pa zaka 18, ndipo Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza idatchuka pothetsa maukwati a ana. Ntchito imeneyo ndi ya kadyedwenso, ngakhale sitiitchula choncho.

Kuyambira Januwale mpaka Malichi zonsezi zimafika poipa. Nkhokwe zatha, chimanga chakwera mtengo, makolo amalawirira ku ganyu moto usanakolezedwe. Mwana amatuluka m'nyumba wopanda ngakhale mkute. Ndi nyengo yomweyo ya malungo ndi kutsekula m'mimba, ndipo kwa ana a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo likodzo limawachotsa magazi pang'onopang'ono. Njoka za m'mimba nazo zimadya nawo. N'chifukwa chake zimandipweteka kholo likauza mwana kuti athawe tsiku limene azaumoyo abwera kusukulu ndi mankhwala a njoka ndi likodzo, pomvera mphekesera.

Phala la kusukulu lapulumutsa ana ambiri. Bungwe la Mary's Meals lidayamba kudyetsa ana 200 kuno ku Malawi mu 2002, ndipo pano likudyetsa ana opitirira 1 miliyoni m'dziko muno. Bungwe la WFP, nthambi ya United Nations yoona za chakudya, nalo limadyetsa ana m'maboma angapo. Amayi amene amadzuka m'bandakucha kukaphika Likuni Phala popanda malipiro ayenera ulemu waukulu. Koma pali chizolowezi chimene chikundidetsa nkhawa. M'makomo ena phala lija lasanduka chifukwa chodumphira chakudya: "Iwe wadya kale kusukulu, asiyire anzako." Kapu imodzi ya phala idakonzedwa kuti iwonjezere pa chakudya cha kunyumba, osati kulowa m'malo mwa nkhomaliro. Ndipo Loweruka, Lamlungu ndi patchuthi kapuyo kulibe.

M'tauni vuto limavala zovala zina. Kholo lothamangira minibasi limapatsa mwana ndalama, iye n'kugula zotsekemera zam'mapaketi ndi zakumwa zoziziritsa pageti. Mimba yadzaza, thupi silinalandire kanthu. Mbatata yophika, nthochi ndi mtedza wokazinga m'kachikwama zikadamufikitsa masana ali ndi mphamvu.

Mwana wanu akamatopa msanga, tsitsi likafiira n'kuyamba kusosoka, akamakodza magazi, kapena zovala za chaka chatha zikamamukwanabe ndendende, pitani naye kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala akamuyeze kulemera, msinkhu ndi magazi, ngakhale adapitirira zaka za sikelo. Mapazi onse awiri akatupa musataye masiku kufunafuna amene wamutsempha. Kumeneko ndi kusowa zakudya m'thupi koopsa, ndipo kumafuna chipatala tsiku lomwelo. Akakupatsani chiponde, amenewo ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si ogawana ndi abale ake.