Mawu 15 amene amathandiza kupeza mbali yodwala ya ubongo

Mwa anthu atatu alionse odwala khunyu, pafupifupi mmodzi amagwabe ngakhale akumwa mankhwala mosadumphitsa, ndipo ena mwa anthu otere opaleshoni imawathandiza. Kawirikawiri gwero la matendawa limakhala m'chigawo cha ubongo choyandikana ndi khutu, chotchedwa temporal lobe, makamaka pa kachiwalo kotchedwa hippocampus, kamene kamatithandiza kusunga zinthu zatsopano. Tiziwaloti tilipo tiwiri, kumanzere ndi kumanja. Makina ojambula ubongo a MRI amaonetsa chipsera ndipo makina oyeza mafunde a magetsi a mu ubongo a EEG amaonetsa kumene kugwako kukuyambira, koma kuti tidziwe mmene mbali iliyonse ikugwirira ntchito, timamuyesa munthuyo kukumbukira.

Pa mayeso a kukumbukira otchedwa a Rey, timamuwerengera wodwala mawu 15 kasanu, ndipo ulendo uliwonse amatchula amene wagwira. Kenako timamuwerengera mawu ena omusokoneza, ndipo pakatha mphindi 20 kapena 30 timamufunsanso oyamba aja. Mwa anthu ambiri chilankhulo chimayendetsedwa ndi mbali ya kumanzere, choncho munthu akagwira mawu n'kuwataya posakhalitsa, pomwe zojambula zimene tamuonetsa akuzikumbukira bwino, timakayikira hippocampus wa kumanzere. Kuiwala zojambula kumalozera kumanja, ngakhale kuti umboni wake ndi wofooka.

Kusamala kotereku kunadza ndi phunziro lowawa. Mu 1953, dokotala wa opaleshoni William Scoville anachotsa zigawozi mbali zonse ziwiri mwa wodwala khunyu Henry Molaison ku Hartford, ku America, ndipo kugwa kunachepa, koma bamboyo sanathenso kusunga chatsopano mpaka imfa yake mu 2008. Lero timadziwanso kuti amene amakumbukira bwino mawu ndiye angataye zambiri akachitidwa opaleshoni kumanzere, ndipo ayenera kuuzidwa zimenezi asanavomere.

Chondidetsa nkhawa kuno ku Johannesburg n'chakuti Amalawi ambiri amayesedwa m'Chingerezi. Mayi amene anakulira ku Dedza, n'kulekeza sukulu Sitandade 5, angalephere kugwira mawu achilendo ubongo wake uli bwinobwino, koma chifukwa cha ulemu amangovomera kuti wamva. Zotsatira zotere zingaloze kumanzere molakwika, ndipo kumasulira mawuwo pompopompo sikuthetsa vutoli, popeza zotsatira zimayerekezedwa ndi za anthu amene anayesedwa m'chilankhulo china.

Choncho mukatumizidwa ku mayesowa, kaya ku chipatala cha Charlotte Maxeke kapena cha Chris Hani Baragwanath, muuzeni woyesayo chilankhulo chimene munayamwira, pamene munalekezera sukulu, ndiponso ngati ndinu amanzere, chifukwa mwa amanzere ena chilankhulo chimakhala kumanja. Nenaninso ngati munagwa dzulo lake, ngati simunagone, kapena ngati mtima uli wosweka. Tengani mankhwala onse amene mukumwa kuti awaone, pakuti ena, monga topiramate, amachititsa kuti mawu azisowa pakamwa.