Ka buluu kokha sikaletsa mphumu

Ndatopa kumva mawu akuti, "Adokotala, mungondilembera ka buluu, enawo ayi." Anthu akwathu ambiri odwala mphumu kuno ku Johannesburg amanena zomwezi, kaya achokera ku Yeoville, Rosettenville kapena Diepsloot. M'kabotolo ka buluu kopopera m'kamwako, kaya kalembedwa Ventolin kapena Asthavent, muli mankhwala otchedwa salbutamol. Amamasula njira za mpweya kwa maola 4 kapena kuposerapo pang'ono, basi. Kutupa kwa mkati mwa njirazo sakukhudza n'komwe.

Kutupako kumasiya chizindikiro m'magazi. Pali maselo oyera otchedwa eosinophil, amene ntchito yawo yeniyeni ndi kulimbana ndi njoka za m'mimba. Mwa munthu amene thupi lake limadana ndi fumbi la m'nyumba, mphemvu kapena mungu wa udzu, maselowa amathamangira m'mapapo, n'kutulutsa zinthu zimene zimasupula khungu la mkati mwa njira za mpweya. Njirazo zimatupa, makhololo amalimba, munthu n'kumalira m'chifuwa usiku. Pa pepala la zotsatira za kuyeza magazi kotchedwa full blood count mupeza mzere wawo. Nambala ikafika 0.30, kutanthauza maselo 300 pa microlitre (kadontho kakang'ono kwambiri ka magazi), ine ndimadziwa kuti munthuyu akhoza kubanika koopsa ngakhale lero akuseka, komanso kuti mankhwala opopera oletsa kutupa, monga budesonide kapena beclomethasone, amuthandiza kwambiri. Kuyambira 2019 bungwe la GINA, lomwe limapereka malangizo a kasamalidwe ka mphumu padziko lonse, linasiya kulimbikitsa zogwiritsa ntchito ka buluu pakokha. Ngati mukumaliza timabotolo titatu kapena kuposa pa chaka, mphumu yanu sikusamalidwa.

Mayi wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba sachoka m'mutu mwanga. Ankagona m'kachipinda kakuseri, ndipo mu June ndi July ankayatsa sitovu ya parafini atatseka zenera chifukwa cha chisanu. Nambala yake ya eosinophil inali pamwamba kwambiri. Tinamupatsa mankhwala opopera tsiku lililonse, koma anzake anamuuza kuti ukayamba amenewo sudzasiyanso mpaka kufa. Anawaika pansi pa bedi. M'malo mwake anapita kwa munthu wina wa timapepala tija timamatidwa pa mapolo a magetsi, amene anamugulitsa timapilisi toyera topanda dzina. Tinali prednisone, mankhwala akumwa amphamvu oletsa kutupa. Chifuwa chinapepuka, inde, ndipo atayezetsanso magazi kwina, nambala inali itatsikiratu, chifukwa prednisone amachotsa maselowa m'magazi pakangopita maola ochepa. Anaona ngati wachira. Anamwa kwa miyezi, nkhope inatupa, shuga anakwera, ndipo atasiya mwadzidzidzi ndalama zitatha, anamubweretsa usiku akulephera kumaliza ngakhale mawu awiri. Anapulumuka, koma mapapo ake sanabwerere mwakale. Ankaopa kutaya ntchito akapempha tsiku lopita kukiliniki, ndipo zimenezi ndimazimvetsa. Wogulitsa mapilisi uja ndiye sindingamukhululukire.

Tsono kwa ife ochokera ku Malawi pali china chimene madokotala ena a kuno sangachiganizire mukapanda kuwauza. Likodzo ndi njoka za m'mimba nazonso zimakweza eosinophil. Ngati munakulira ku Mangochi, Nkhotakota, Salima kapena ku Chigwa cha Shire, kapena munasamba m'nyanja pa ulendo wa Khirisimasi, nenani. Tiyeze mkodzo ndi chimbudzi tisanati zonse ndi mphumu. Pali mtundu wina wa njoka, Strongyloides, umene umafalikira thupi lonse munthu akamwa prednisone, ndipo umapha. Nenaninso ngati mwamwa mapilisi alionse masabata apitawa, chifukwa nambala yotsika ya munthu amene wamwa prednisone ndi yabodza.

Chifuwa chopitirira masabata awiri, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, chimenecho tiyambe tayeza makhololo kuona TB. Ndipo ngati mwapopa ka buluu koma simukumvabe bwino, mukulephera kulankhula, kapena milomo yasintha mtundu, musadikire kuti kuche kapena kuti abwana akulolezeni. Imbani 112 pa foni ya m'manja, kapena pezani galimoto mupite kuchipatala usiku womwewo, mutatenga mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, ndi a mumsewu omwe.