Musawerenge mipope, yambani mwayang'ana mfutiyo

Sipatha mwezi popanda munthu kufika pamalo anga okonzera mfuti atanyamula kabokosi, nkhope ili mwee, n'kunena kuti, "Amisiri, taonani, mipope yonse inayi ilipo." Mawu amenewa ndatopa nawo. Munthu amene akufuna kugula revolver (mfuti ya m'manja yokhala ndi silinda yozungulira yosungira zipolopolo) yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mtundu wosintha mipope yodutsamo chipolopolo, amathera nthawi yake yonse powerenga mipope ndi kusisita chogwirira, pamene mbali imene ingamuvulaze, kapena kumudyera ndalama, saiyang'ana n'komwe.

Mfuti zimene anthu amandibweretsera kawirikawiri ndi za Dan Wesson, kampani ya ku America imene inayamba mu 1968 ndipo kwa zaka zambiri inkapangira mfuti zake ku Monson, m'chigawo cha Massachusetts. Luso losintha mipopeli linachokera kwa mmisiri wa mfuti Karl Lewis. Mpope weniweni ndi kachitsulo kowonda kamene kamapotokolezedwa m'thupi la mfuti, pamwamba pake pamavekedwa chikuto chachitsulo, ndipo kukamwa kwake kumamangidwa nati imene imaukoka mpopewo kuti ukhale wokungika mbali zonse ziwiri. Kukungika kumeneko n'kumene kunapatsa mfutizi mbiri yolasa molunjika pa mipikisano yowombera patali. Mfuti yake ya Model 15-2, yowombera zipolopolo za .357 Magnum, inkagulitsidwanso m'bokosi lotchedwa Pistol Pac, lokhala ndi mipope ya mainchesi 2.5, 4, 6 ndi 8. Ndi mfuti yabwino, ndipo sindikuinyoza. Vuto ndi lakuti mfuti imene mwini wake aliyense amatha kuimasula yekha imakhala itadutsa m'manja ambiri osadziwa chimene akuchita.

Pakati pa silinda ndi kumbuyo kwa mpope pali kampata. Pa revolver wamba, kampata kameneka amakaika ku fakitale ndipo sikasuntha. Pa mfuti izi, amakaika ndi mwini wake nthawi iliyonse akasintha mpope, pogwiritsa ntchito kachitsulo kopyapyala kopimira kamene kamabwera ndi mfutiyo, ndipo pa .357 Magnum muyeso wake ndi 0.006 ya inchi, kapena kuti pafupifupi mamilimita 0.15. Kakachepa, silinda imayamba kukhula pa mpope mfuti ikatentha ndi kuda ndi utsi wa onga, mpaka kukana kuzungulira. Kakakula, moto ndi tizidutswa ta mtovu zimathawira m'mbali. Choncho ndikatsegula bokosi, ndimayamba ndafufuza kachitsulo kopimira kaja ndi sipanala ya natiyo. Zikasowa, funso langa kwa wogulitsa limakhala limodzi: nanga zaka zonsezi mumamangira chiyani? Yankho limaoneka pa nati. Ngati mipata yake ili yophwanyika, ndiye kuti wina ankaimenya ndi sukuludiraiva kapena kuikoka ndi pulayazi. Nati yokha ndi yotsika mtengo, koma munthu wochita zotere ku nati amakhala atachitanso zina m'kati.

Musagule musanaone mpope utamasulidwa. Mizera yozungulira imene mpope umagwira m'thupi la mfuti iyenera kukhala yoyera ndi yosadyeka, ndipo mpope uyenera kulowa ndi zala zokha popanda kuukakamiza. Mpope ukang'aluka kumbuyo, pamene chipolopolo chimalowera, si nkhani yoti n'kudandaula nayo kwambiri, chifukwa ubwino weniweni wa mfutizi ndi wakuti mumangoikapo wina. Koma mizera ya m'thupi ikawonongeka, mfuti yonse yapita, ngakhale bokosi litadzaza mipope yonyezimira.

Zoti mfuti muyambe mwatsimikiza kuti ilibe chipolopolo sindikuuzani, chifukwa amene akufunika kukumbutsidwa zimenezo sayenera kuigwira. Kokani kanyundo ka kumbuyo komenya chipolopolo pang'onopang'ono, kasanu ndi kamodzi, bowo lililonse la silinda palokha, ndipo mvetserani ngati silinda ikukhoma kanyundo kasanafike kumapeto. Bowo limodzi lokha likachedwa, chipolopolo sichilunjikana bwino ndi mpope. Kenako kankhani silinda kutsogolo ndi kumbuyo. Ikamasewera kwambiri, muyeso wa kampata kaja ulibenso tanthauzo, pakuti umasintha pa kuwombera kulikonse. Kaloko ka silinda pa mfutizi kali kutsogolo, osati kumbuyo monga pa zina, ndipo nakonso kayenera kugwira zolimba.

Palinso bodza limene limayenda pakati pa ogula, lakuti kusintha mpope kumasintha kukula kwa chipolopolo. Chimasintha ndi utali wokha. Silinda ndi yomweyo, ndipo ya .357 Magnum imalandira .357 Magnum ndi .38 Special basi. Komanso si mpope uliwonse wolembedwa dzina la kampaniyi umene ungakwane: zikuto za mitundu yoyambirira sizilowa pa 15-2, ndipo za mfuti zazikulu za .44 Magnum sizilowa pa zazing'ono. Ndaonapo anthu atalipira mipope inayi pamene yokwana pa mfuti yawo ndi iwiri. Ndipo kunena zoona, ambiri amene ali ndi inayi amangokhazikika pa umodzi, chifukwa kusintha kulikonse kumafuna kuti ayambirenso kulunjikitsa timaso toyang'anira. Ngati thupi, silinda ndi kakhomedwe kake zili bwino, zida zomangira zilipo, nambala ya mfuti ndi mapepala ake zikugwirizana ndipo kugulako kukudutsa m'njira ya lamulo, gulani, ngakhale mpope utakhala umodzi. Mipope ina mungadzaifunefune pambuyo pake. Dzina la Dan Wesson linagulidwa ndi kampani ya mfuti ya CZ-USA mu 2005.

Chimene chimandipangitsa kulemba mwaukali chonchi ndi bambo wina amene anabwera ndi 15-2 yokhala ndi mipope itatu. Anali atagula kale, ndipo anangofuna kuti ndimuyamikire. Pokamba nkhani anatchula mongodutsa kuti akamawombera amamva ngati mchenga ukumuwaza patsaya. Nditaipima ndinapeza kuti mabowo awiri ankachedwa kukhoma, ndipo kampata kanali kopitirira kawiri muyeso wake, chifukwa mwini wake wakale ankangoyesa ndi maso. Ndinamuuza kuti aisiye ndiikonze. Iye anati ndalama zathera pogula, abweranso mwezi wa mawa.

Sanabwere. Anakaipereka kwa munthu wina wodzitcha mmisiri, amene anamulipiritsa pang'ono n'kumulonjeza kuti aifewetsa kuti iziwomba mosavuta. Munthuyo anatenga tupa ndi sandipepala n'kupala zitsulo za m'kati. Zitsulo zina za m'mfutizi ndi zolimba pamwamba pokha, ndipo mukapala khungu limenelo mumafika pofewa pamene pamadyeka msanga. Mfuti inafewadi kwa milungu ingapo, kenako kuchedwa kwa silinda kunakula. Tsiku lina ali kumalo ophunzirira kuwombera, mphwake ataima chapambali wopanda magalasi oteteza maso, kachidutswa ka chipolopolo kanathawira m'mbali n'kumulowa mnyamatayo pansi pa diso. Diso linapulumuka, koma chipsera chilipo.

Anthu akamva nkhaniyi amathamangira kudzudzula wa tupa uja, ndipo akuyeneradi kudzudzulidwa. Koma ine chimandisautsa ndi tsiku loyamba lija. Ndinalankhula mofatsa ngati ndikukamba za dzimbiri la pa chikuto, poopa kuti angaganize kuti ndikufuna ndalama zake, ndipo iye anachoka akuganiza kuti ndi nkhani yodikira malipiro. Revolver imene ikulavula mtovu siidikira mwezi wa mawa, ndiponso siwomberedwa "kamodzi kokha kuti tione". Masiku ano munthu akangotchula za mchenga patsaya, ndimamuuza mosapita m'mbali kuti asaikemonso chipolopolo, ndipo ndimalemba zimenezo pa pepala limene amasaina asanatuluke.

Bambo uja anaibweretsa mfutiyo ngoziyo itachitika, ndipo zitsulo zonse zimene zinapalidwa zinafunika kusinthidwa, pa mtengo woposa kwambiri umene ndinamuuza poyamba. Mipope itatu ija ndinaipima umodziumodzi. Yonse inalibe vuto lililonse.