Flavour si nkhani ya lilime lokha

Ndatopa nako kumva anthu, ngakhale ophunzira anga a maphunziro a zakudya, akumasulira mawu achingerezi akuti flavour kuti "kukoma" basi. Lilime limazindikira zinthu zisanu zokha: kutsekemera, kuwawasa, kuwawa, mchere, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama kuja komwe wasayansi wa ku Japan, Kikunae Ikeda, anakutcha umami mu 1908. Chomwe chimasiyanitsa bango ndi gwafa kwenikweni ndi fungo lomwe limakwera kuchokera kukhosi kupita m'mphuno mukamatafuna. N'chifukwa chake chimfine chikakugwirani, nkhuku yomwe imamveka ngati mukutafuna nsanza.

Mbiri ya mawu akuti flavour ikuchitira umboni. Analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 kuchokera ku Chifalansa chakale, ndipo ankatanthauza fungo, lonunkhira kapena lonunkha. Muzu wake ndi mawu achilatini akuti flare, kuuzira mpweya, omwenso anabala flatulence, dzina lomwe madokotala amatchulira kuphwisa. Sekani, koma ndi pachibale. Chilembo cha v poyamba munalibe. Akatswiri ambiri amati chinalowa potengera savour, mawu ena achingerezi onena za kakomedwe. Tanthauzo la kakomedwe ka m'kamwa linadza mochedwa, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Za kulemba flavor kapena flavour musavutike nazo: aku America amatsata dikishonale ya Noah Webster ya mu 1828, ife timatsata aku Britain.

Chomwe chimandisowetsa tulo ndi china. Mayi wina kusikelo ya ana anandionetsa monyadira botolo lolembedwa orange flavoured, nati, "Adokotala, mwana wangayu malalanje amamwa tsiku lililonse." Sindine dokotala, koma ndinatenga botololo n'kuwawerengera timalemba ta kumbuyo: madzi, shuga, utoto, ndi kadontho ka fungo lopangidwa kufakitale. Lalanje munalibemo. Mano akutsogolo a mwanayo anali atayamba kale kuvunda. Mayiwo sanali osasamala ayi. Ankadzimana ndalama ya ndiwo kuti agule botololo, pamene malalanje enieni anali pamsika panja pomwepo. Wopanga chakumwacho sananame: flavoured amatanthauza kuti chikununkhira ngati lalanje, osati kuti muli lalanje. Mukaona mawuwa, tembenuzani botolo muwerenge.

Ndipo poti flavour ndi mphuno, chakudya chikasiya kukoma kwa milungu ingapo chimfine palibe, musamangowonjezera mchere ndi tsabola. Mu 2020 tinaona kuti kusamva fungo chinali chizindikiro cha COVID-19, ndipo pali matenda ena a m'mphuno ndi a ubongo omwe amayamba chomwecho. Pitani kuchipatala msanga. Aja ogulitsa timabotolo "totsegula mphuno" pa WhatsApp asakudonthezereni kanthu.